Jakisoni wa m'wodi: ayambe liti, asinthidwe liti, asiyidwe liti?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya, amene odwala amalandira akagonekedwa m'chipatala. Ena achokera kwa odikirira odwala, ena kwa anzathu a zaumoyo. Akuyankha ndi madokotala, anamwino, akatswiri a mankhwala ndi a ku labu a muno mu Blantyre. Milingo imene tatchula ndi yongothandiza kuti nkhani imveke. Wolembera wodwala wanu mankhwala ndi amene wamuona ndi kumupima.

FUNSO: Bambo anga anagonekedwa Lolemba ndi chibayo. Anawabaya jakisoni wa pamsempha masiku awiri, Lachitatu adokotala n'kunena kuti asiye, ayambe mapiritsi. Kodi jakisoniyo watha, kapena akungofuna tituluke msanga kuti bedi lipezeke? Ine ndimadziwa kuti jakisoni ndiye wamphamvu. — Mayi wodikirira odwala, Ndirande

YANKHO: Pepani ndi matenda, mayi. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti adokotalawo anabwereranso ku fayilo ya bambo anu pa nthawi yake, ndipo ndi zimene timafuna zizichitika pa bedi lililonse.

Munthu akafika wadwalika, palibe amene amadziwa msanga kachirombo kamene kamugwira. Dokotala amayamba mankhwala mongoyerekeza, potsatira buku la malangizo, chifukwa kudikira kungaphetse. Kuyamba kotere kuli ndi ngongole yake: pakatha maola 48, ikachedwetsetsa 72, wina ayenera kuima pa bedipo ndi kusankha. Ngati zaoneka kuti si matenda a mabakiteriya, mwina ndi malungo, TB kapena vuto la mtima, mankhwalawo asiyidwe. Ngati labu yapeza kachirombo, asinthidwe akhale olunjika pa kachiromboko. Ngati wodwala akupeza bwino, jakisoni alowedwe m'malo ndi akumwa. Ngati jakisoni akufunikabe, apitirire, koma tsiku lomusiya kapena lomuonanso lilembedwe pa tchati.

Asanasinthe, dokotala amaona ngati kutentha kwa thupi kwakhala pansi pa madigiri 38 kwa tsiku lathunthu, ngati kupuma ndi kugunda kwa mtima zabwerera m'malo, ngati BP yakhazikika, ndiponso ngati wodwala akumeza osasanza. Amaonanso mtundu wa matenda. Meninjaitisi (matenda oumitsa khosi), mabakiteriya amene akhala pa mavavu a mtima, kapena mafinya a mkati amene sanatulutsidwe, amafuna jakisoni nthawi yaitali. Chibayo cha munthu amene wayamba kudya phala ndi kulankhula ndi anthu sichili m'gulu limenelo.

Mphamvu ya mankhwala siili mu singano. Chofunika n'chakuti afike m'magazi okwanira. Metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl, amalowa m'magazi pafupifupi yense ngakhale womwa. Ciprofloxacin, cotrimoxazole ndi amoxicillin nawonso amalowa bwino m'mimba mukakhala muli bwino. Pomwe kanyula, kapaipi kamene amaika mu msempha, ndi chibowo chimene chatsegulidwa pa khungu, ndipo mabakiteriya angadzerepo kulowa m'magazi. Malo a kanyula akafiira, akatupa, akatentha kapena akayamba kuwawa pobaya, auzeni anamwino nthawi yomweyo.

Funsani dzina la mapiritsiwo ndi tsiku lomaliza. Chibayo chopanda zovuta zina nthawi zambiri chimatenga masiku 5, ndipo awiri a jakisoni aja amawerengedwa momwemo. Akakhala ciprofloxacin, asamwere pamodzi ndi mkaka, mapiritsi owonjezera magazi kapena mankhwala a kutentha pamtima, chifukwa zimenezi zimamugwira m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Amwe ciprofloxacin kaye, papite maola osachepera awiri.

FUNSO: Ndine namwino, ndipo andiika m'komiti yoona kagwiritsidwe ntchito ka maantibayotiki pa chipatala chathu. Tilibe kompyuta m'wodi, tilibenso labu yomeretsa tizirombo. Tiyambire pati? — Namwino, Lunzu

YANKHO: Yambirani pa tchati cha mankhwala, sisitala, ndi cholembera. Zida zina zibwera pambuyo.

Njira imene imagwira ntchito kulikonse ndi kalembera wa tsiku limodzi. Sankhani tsiku, lokhala pakati pa sabata. Werengani odwala onse amene ali pa bedi 8 koloko m'mawa, kuphatikizapo amene sakulandira maantibayotiki, chifukwa popanda iwo simungadziwe kukula kwa vuto. Kenako pa wodwala aliyense amene ali pa mankhwalawa, lembani dzina la mankhwala, mlingo, kangati pa tsiku, akumwa kapena obaya, ndi tsiku limene anayamba. Tsegulani fayilo muone ngati chifukwa chake chinalembedwa. Mawu oti "akutentha thupi" si chifukwa. Chifukwa chimatchula chiwalo chimene chikuganiziridwa, monga mapapo, mkodzo, khungu kapena m'mimba. Onaninso ngati pali tsiku losiya kapena loonanso, ngati wina analemba ndemanga pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndiponso ngati mankhwalawo akugwirizana ndi buku la malangizo la Unduna wa Zaumoyo, Malawi Standard Treatment Guidelines, kapena malangizo a chipatala chanu. Mayina a odwala musalembe, nambala ndi yokwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene makomiti ambiri amachidumpha: mabokosi opanda saini. Benzylpenicillin, amene m'wodi timangoti X-pen, amabayidwa maola 6 alionse chifukwa sakhalitsa m'magazi. Mukapeza bokosi la pakati pa usiku lili gwa lopanda kanthu masiku awiri otsatizana, wodwalayo wakhala maola 12 osalandira mankhwala kawiri konse. M'mawa dokotala adzaona thupi likadali lotentha, n'kuganiza kuti mankhwala alephera, n'kulemba ceftriaxone. Chikhalirecho mankhwala sanalephere, sanabayidwe. Funsani chifukwa: kanyula inatuluka ndipo palibe anaikanso? Madzi osungunulira anatha? Namwino anali yekha pa odwala ochuluka? Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo palibe chimene chimatha ndi kulemba jakisoni wina.

Tiyerekeze wodi ili ndi odwala 60, ndipo 36 ali pa maantibayotiki. Ndiye kuti 60 pa 100 alionse. Mwa 36 aja, ngati 9 okha ndiwo ali ndi tsiku losiya, mwapeza poyambira. Musagwire zonse nthawi imodzi. Sankhani chimodzi, mwachitsanzo chakuti palibe mankhwala amene alembedwe popanda tsiku loonanso, ndipo bwerezani kalembera pakatha mwezi kapena miyezi itatu, pa fomu yomweyo.

Ku famase mungapezeko nambala ina. Bungwe la WHO linaika muyeso wa tsiku limodzi wa munthu wamkulu, wotchedwa DDD, ndipo wa ceftriaxone ndi magalamu awiri. Ngati wodi ija yatenga timabotolo 600 ta galamu imodzi pa mwezi, ndi ma DDD 300. Odwala 60 kwa masiku 30 ndi masiku a pa bedi 1,800. Gawani 300 ndi 1,800, muchulukitse ndi 100, mupeza pafupifupi 17. Nambala imeneyi payokha siikuuzani ngati zili bwino kapena ayi. Ntchito yake ndi kuiyerekeza mwezi ndi mwezi. Samalani nayo. Siigwira ntchito ku wodi ya ana, chifukwa milingo ya ana imatsata sikelo. Imatsikanso mwezi umene mankhwala anasowa, komiti n'kuomba m'manja pachabe. Lembani pambali masiku amene shelefu inali yopanda kanthu.

Gawaninso mankhwala m'magulu atatu amene WHO inakhazikitsa mu 2017. Gulu la Access ndi loyambira, monga amoxicillin, benzylpenicillin, cloxacillin, gentamicin, metronidazole ndi doxycycline. Gulu la Watch ndi lofuna diso, chifukwa limafulumizitsa kupima kwa tizirombo, kutanthauza kusamvanso mankhwala: ceftriaxone, ciprofloxacin, azithromycin, meropenem. Gulu la Reserve, monga colistin ndi linezolid, ndi losungira pamene zonse zakanika. Mukaona theka la tchati lili la Watch, funsani pa wodwala aliyense ngati wa Access sakanakwanira.

Kuti zimenezi zimatheka tinazionera pompano, ku Gulupu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, mu 2016, mwa maantibayotiki 100 alionse olembedwa m'mawodi a akuluakulu odwala matenda a m'thupi, pafupifupi 80 anali a gulu la ceftriaxone. Madokotala anagwirizana malangizo awoawo potengera tizirombo topezeka pamalopo, n'kuwaika pa foni ya m'manja. Ankachita kalembera pafupipafupi ndi kuuzana zotsatira. Pofika 2018, chiwerengerocho chinatsikira pa 54, ndipo imfa sizinachuluke. Mbali imene imavuta kwambiri si kuwerenga, koma kubweza zotsatira kwa olemba mankhwala. Zinenedwe pa msonkhano wa m'mawa, zikhale za wodi yonse, osatchula munthu pagulu. Wolakwitsa mulankhule naye pambali, fayilo ili pamanja. Komiti ikasanduka polisi, anthu amaphunzira kubisa, osati kusintha. Ndipo m'komitimo musasowe wa ku famase, wa ku labu ndi wamkulu mmodzi amene mawu ake amamveka pa raundi.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 7 anamutenga magazi m'kabotolo tsiku limene tinagonekedwa. Zotsatira zinabwera patatha masiku atatu, ndipo anamusinthira mankhwala, akuti oyamba aja kachiromboko sikakuwamva. Ndiye masiku atatu aja anangomuvutitsa pachabe? Bwanji osadikira kaye zotsatira? — Bambo, Bangwe

YANKHO: Mtima wanu tikuumvetsa, bambo, koma kudikira kukanakhala koopsa kuposa. Mabakiteriya akalowa m'magazi, ola lililonse limawerengedwa. Lamulo lake ndi lakuti magazi atengedwe kaye, mankhwala ayambe nthawi yomweyo, kenako akonzedwe zotsatira zikabwera.

Kabotolo kaja kali ndi chakudya cha mabakiteriya. Amakaika pamalo ofunda ngati thupi la munthu, ndipo tizirombo tikakhalamo timaswana mpaka kuonekera, kawirikawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Kenako a labu amatiika pa kambale kuti atidziwe dzina, n'kuikapo timapepala tozungulira tonyowa ndi mankhwala osiyanasiyana. M'mawa mwake amayeza mpata umene watsala mozungulira kapepala kalikonse. Mpata ukakhala waukulu, mankhwalawo akugwira. Tizirombo tikamera mpaka kukhudza kapepala, tapima. Masiku atatu aja anathera pamenepo, chifukwa kachirombo sikangakakamizidwe kumera msanga. Botolo limene silinamere kanthu amalisunga mpaka masiku 5 asanalitseke.

Kusinthira mwana wanu mankhwala si zachilendo masiku ano. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likupima magazi a odwala a ku Queen Elizabeth kuyambira mu 1998. Zimene anapeza pofika 2016 n'zakuti kachirombo ka Klebsiella kanali katapima mankhwala a gulu la ceftriaxone pafupifupi 9 pa 10 paliponse, ndipo E. coli pafupifupi 3 pa 10, pomwe mu 2003 E. coli wotere sankafika ngakhale mmodzi pa 100. Taifodi nayenso, cha m'ma 2011, anafala mu Blantyre ali wosamva amoxicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, mankhwala amene kale ankamuchiza mosavuta. Nthawi iliyonse ceftriaxone akaperekedwa kwa munthu wosafunikira, amapha mabakiteriya ofooka a m'matumbo n'kusiyira malo olimba aja, ndipo olimbawo amayenda pa manja, pa mabedi ndi m'zimbudzi kupita kwa wodwala wina.

Anzathu otenga magazi, apa ndi pamene zambiri zimasokonekera. Magazi akachepa, kachirombo sikapezeka: wamkulu amafunika mamililita 8 mpaka 10 pa botolo, mwana mamililita 1 mpaka 4 molingana ndi msinkhu. Khungu lipukutidwe ndi mankhwala, liume, ndipo lisakhudzidwenso ndi chala pofufuza msempha. Apo ayi mumeretsa mabakiteriya a pakhungu, mwana n'kulandira mankhwala a matenda amene alibe. Botolo lisalowe m'firiji, lipite ku labu msanga. Ndipo zotsatira zilondoledwe. Pepala limene lagona m'bokosi la ku labu sabata yathunthu silinathandize aliyense.

Botolo losamera kanthu silitanthauza kuti munthu sakudwala. M'zaka zimene tatchulazi, mabotolo pafupifupi 15 okha pa 100 ndiwo ankamera kachirombo koyambitsa matenda. Choncho thupi likapitiriza kutentha tsiku lachitatu, dokotala wabwino sathamangira kuwonjezera jakisoni wachiwiri. Amafufuza mafinya obisika, amaona kanyula ndi paipi ya mkodzo, amapimanso malungo, ndipo kwa amene ali ndi HIV amaganizira TB ndi meninjaitisi ya cryptococcus, zimene ceftriaxone sazikhudza n'komwe.

FUNSO: Mkazi wanga anabereka kudzera pa opaleshoni. Anamubaya jakisoni mmodzi yekha asanalowe ku fiyeta, pambuyo pake Panado basi. Mchemwali wake anapatsidwa makapisozi a sabata yonse. Ndani analandira zoyenera? — Bambo wa mwana woyamba, Chilomoni

YANKHO: Mwina onse awiri. Pa opaleshoni yoberekera imene mayi analibe matenda kale, mlingo umodzi woperekedwa mphindi 30 mpaka 60 asanacheke khungu ndi wokwanira. Cholinga n'chakuti mankhwala akhale m'magazi pa nthawi imene bala lili lotseguka. Amabwereza pokhapokha opaleshoni ikatalika kapena magazi akatayika ambiri. Kupitiriza masiku 5 kapena 7 sikuwonjezera chitetezo cha bala. Mlamu wanu mwina anali ndi matenda kale, monga kutentha thupi nsupa itasweka nthawi yaitali. Pamenepo ndi kuchiza, osati kuteteza. Akazi anu abwerere kuchipatala msanga akatentha thupi, bala likafiira kapena kutuluka mafinya, m'mimba mukamapweteka kwambiri, kapena zotuluka kumaliseche zikayamba kununkha.

FUNSO: Agogo athu akubayidwa gentamicin, lero ndi tsiku lachisanu. Akuti m'makutu mukulira, ndipo mkodzo wachepa. Ndi ukalamba kapena mankhwala? — Mdzukulu, Zingwangwa

YANKHO: Musadikire raundi ya mawa. Auzeni anamwino tsopano, jakisoni wotsatira asanabayidwe, ndipo dokotala awaone.

Gentamicin ndi mankhwala abwino, koma amatuluka kudzera mu impso, ndipo akachuluka m'thupi amaononga impsozo ndi mkati mwa khutu. Impso nthawi zambiri zimabwerera mankhwala akasiyidwa msanga. Makutu kawirikawiri sabwerera. N'chifukwa chake kulira m'makutu, kusamva bwino, chizungulire ndi kudzandira poyenda sizinthu zonyalanyaza, makamaka kwa okalamba ndi amene madzi achepa m'thupi.

Kwa ogwira ntchito: wodwala akwere sikelo, osamuyeza ndi maso. Wamkulu wa impso zabwino amalandira pafupifupi mamiligalamu 5 pa kilogalamu, kamodzi pa tsiku. Wa makilogalamu 50 ndiye kuti 250, pafupifupi timabotolo titatu ta mamiligalamu 80. Chizolowezi chakale chobaya 80 katatu pa tsiku sichifikitsa mankhwala pa msinkhu wopha bwino, komanso sichipatsa impso mpata wopuma. Creatinine, muyeso wa m'magazi wosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, apimidwe poyamba ndi masiku awiri kapena atatu alionse. Kumene makina palibe, yezani mkodzo: munthu wa makilogalamu 50 akatsika pansi pa mamililita 25 pa ola, pafupifupi 600 pa tsiku, ndi chenjezo. Onani tchati chonse, chifukwa furosemide, ibuprofen, diclofenac, amphotericin ndi tenofovir wa mu ma ARV zimawonjezera katundu pa impso. Gentamicin wodutsa masiku atatu popanda ndemanga yolembedwa ayenera kufunsidwa.

Ceftriaxone nayenso ali ndi msampha wake: asadutse mu paipi imodzi ndi diripi ya Ringer's lactate, chifukwa calcium wa m'madzimo amagwirana naye n'kupanga timibulu. Kwa khanda lobadwa kumene limene lili ndi chikasu, ceftriaxone amapewedwa.

FUNSO: Ndamva kuti pali jakisoni wamphamvu koposa onse, meropenem. Mchimwene wanga sakusintha. Ndikagule ndekha ndibweretse? — Mlongo wake, Machinjiri

YANKHO: Musagule dokotala asanalembe, chemwali. Meropenem amapha mitundu yambiri ya mabakiteriya, kuphatikizapo amene apima ceftriaxone, koma sachiza TB payekha, sachiza malungo, ndipo satulutsa mafinya. Amabayidwa maola 8 alionse, ndipo timabotolo tiwiri kapena titatu timene thumba lingakwanitse sitimaliza chithandizo. Akagwiritsidwa ntchito mwachisawawa, tizirombo timamupimanso, ndipo kuseri kwake kwatsala mankhwala ochepa kwambiri.

Chimene chingathandize achimwene anu lero ndi kukumana ndi adokotala pa raundi, buku lawo la kuchipatala lili m'manja. Bweretsani mapaketi a mankhwala onse amene anamwa asanagonekedwe, ngakhale makapisozi a pa golosale ndi Bactrim wa tsiku ndi tsiku, chifukwa zimenezi zimasintha zotsatira za labu ndi mankhwala oyenera kusankha. Ngati anatulukapo zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika atalandira penicillin, nenani, ndipo fotokozani mmene zinachitikira. Kenako funsani mwaulemu: adokotala, mukuganizira matenda anji? Magazi, mkodzo kapena makhololo anapita ku labu, ndipo zotsatira zabwera? Mankhwalawa muwaonanso liti? Akakuuzani kuti meropenem akufunikadi ndipo m'chipatalamo mulibe, alembe mlingo ndi masiku ake onse pa pepala, mukagule ku famase yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, muone tsiku lothera mphamvu pa kabotolo kalikonse, ndipo mupereke kwa anamwino kuti alembe pa tchati.